Denga la galasi linandiphulikira pa mlatho wa Tete, nayi nkhani yake yonse

Ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp kuti kodi galimoto ija munkaiona ikuyenda itafunda lona kumutu ngati ngolo ya mbatata inatha bwanji, ena mpaka kumanditumizira zithunzi zomwe munandijambula mobisa pa msika wa Ulongwe kkkk Mulungu akukuonani. Ndiye ndati m'malo moyankha mmodzimmodzi ndingolemba kamodzi basi, amene muli ndi galimoto ya denga la galasi, kaya mumati sunroof kaya mumati teto ngati anzathu a ku Tete, khalani pansi muwerenge chifukwa zina ndinazidziwa nditaluza kale ndalama.

Galimoto yake ndi X-Trail ya T32, ndinagula kwa bambo ena a ku Moatize omwe anaitanitsa ku Japan, ndipo ndisaname, chomwe chinandigwetsa mtima si injini kapena matayala ayi, linali denga lomwelo. Magalasi awiri, lakutsogolo limatukuka kumbuyo pang'ono kapena kutsetsereka lonse, lakumbuyo silisuntha, pansi pake pali kansalu kotchinga dzuwa koyenda ndi mota. Tsiku lomwe ndinafika nayo pakhomo mayi a kunyumba anangoyang'ana m'mwamba nkuti "bambo a ana, dziko la dzuwa ngati lino inu nkukagula zenera la padenga?" ine nkuyankha kuti kwathu kuno ku Angónia nkozizira, ndipo pamenepo sindinaname, mu June ukamapita cha ku Domwe kapena Tsangano m'mawa kuli chisanu, kadzuwa kakulowera pamwamba, eee zimakoma. Vuto ndi loti geni yanga ya mbatata ndi nyemba imanditsitsira ku Tete kawiri pamwezi, ndipo amene munakhalako mu October ndi November mukudziwa, kumadutsa madigiri 40 ngati masewera, chiwongolero osagwirika ndi manja.

Chiyambi chake chinali kamwala. Ndinali pa msewu wa N7 nditadutsa Mussacama kulowera ku Moatize, kutsogolo kwanga kuli lole yodzadza miyala ya kwale yosaphimba, ine ndili pafupi kufuna mpata woipitirira, ndinangomva thaa! pamwamba. Ndinayang'ana galasi lakutsogolo, bwinobwino, ndinati basi wagunda lata. Patapita masiku angapo mnyamata wotsuka galimoto ndi amene anandiitana, "bwana taonani apa," m'mphepete mwa galasi la padenga munali kachibala kakang'ono ngati njere ya mapira, cha pakona penipeni. Ndinakakhudza ndi chikhadabo nkuti aaa kameneka nkachani, ndinamupatsa yake ya sopo nkumapita.

Kumapeto kwa October ndi pomwe zinachitika. Ndinaimika galimoto pamtetete mtauni kuyambira cha m'ma 10 mpaka 2 masana, mthunzi onse anali atalanda kale amashapa, a maminibasi aja, pobwera ndinangolowa nkutsegula AC mpaka kumapeto, ndili ndi mlamu wanga pambali, tikukwera mlatho wa Samora Machel kubwerera kumudzi. Mukudziwa momwe mlatho uja umagwedezera ndi timalumikiziro take tija galimoto imati gu, gu, gu. Tili pakatikati penipeni, Zambezi ali pansi, phuu!!! Abale ine ndinaganiza mfuti. Alamu anagwada pansi pa dashibodi akuitana amayi awo omwe anatisiya kalekale, ine ndagwira chiwongolero ndi mphamvu kudikira kuti galimoto ikokere mbali poganiza kuti ndi tayala, koma ikungoyenda bwinobwino, kenako ndikumva waaa pamutu ngati wina akukhuthula mpunga pa lichero. Pa mlatho suima, ndiye tinapirira mpaka tsidya la Matundo nkupatuka. Kutuluka kuyang'ana pamwamba, galasi lakutsogolo lonse lasanduka ngati mchere wamibulu, pakati pabooka chibowo choti mutu wa munthu nkulowa, zotsalazo zikungolira tsetsetse zokha padzuwa.

Mwayi wathu unali woti kansalu kaja kanali kotseka, zidutswa zonse zinagwera pamenepo osati m'maso mwathu. Ndipo apa ndi pomwe ndinapanga chopusa chachikulu pa nkhani yonseyi, chomwe chinandidyera ndalama zosafunika kudyedwa. Ndinalowa mkati nkudina batani kuti nditsegule kansaluko ndione kuchokera pansi. Magalasi onse aja anakhuthukira m'mipando, m'makapu, m'kolala ya malaya anga, ena nkulowa m'tinjanji momwe denga limayendamo, mota nkuyamba kulira krrrr, ine m'malo mosiya ndinadinanso kuti kabwerere, krrrr kachiwiri, kenako zii. Inu zikadzakuchitikirani musadzakhudze batani lililonse la padenga, funani bokosi la mafyuzi muzule ya sunroof, kapena matani tepi pa batanipo kuti ngakhale mwana asadine. Kansaluko kasiyeni kotseka, magalasi muwole kuchokera pamwamba.

Mawa lake ndinapita kwa mdala wina wodula magalasi a mawindo a nyumba, maganizo anga anali oti ayeze bowolo andidulire lina lokhuthala timate, nkhani ithe. Mdala uja anaseka mpaka kutsokomola. Amayankhula Chinyungwe chosakaniza ndi Chipwitikizi ine Chichewa changa cha kumapiri koma tinamvana bwinobwino, anatola kachidutswa kamodzi pampando nkundionetsa kuti mwana wanga, ili si galasi lomwe ndimadula ine. La padenga ngati langali ndi lomwe amati tempered, ku fakitale amayamba alidula ndi kulipinda mmene akufunira, kenako amaliwotcha kupitirira madigiri 600 nkuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mphepo, ndiye kunja kumauma msanga kuli kofinyika pomwe mkati mwatsala mokokeka. Nchifukwa chake ndi lolimba kanayi kapena kasanu kuposa galasi wamba, mutha kulimenya ndi chibakera pakati osasweka, koma kachibala kakangolowa mpaka kufika mkati mokokekamo, makamaka ka m'mphepete, mphamvu yonse ija imamasuka kamodzi ndipo lonse limayoyoka tizidutswa. Likapsa kale motero silidulidwanso, silibooledwa, silipalidwa m'mbali. Ndipo la mawindo a nyumba likasweka limapanga mipeni italiitali, tangoganizani ili pamwamba pa mutu wa mwana wanu pa msewu wa mabampu. Mdala uja akanatha kundidya ndalama tsiku limenelo koma anakana ntchito, ndimamulemekeza mpaka lero.

Galasi lakutsogolo kwa dalaivala ndi mtundu wina, laminated, magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, lija limachita mng'alu koma osagwa, ndipo ndi lokhalo lomwe anyamata a mankhwala odontheza aja amatha kulitseka kachibala. Magalimoto ena denga lawo ndi la mtundu umenewu. Mukafuna kudziwa lanu yang'anani pakona pa galasi pali kachidindo, pamalembedwa dzina la fakitale, nthawi zambiri ndi liwu loti tempered kapena laminated, ena pali E mkati mwa kabwalo ndi nambala yoyamba ndi 43R. Kutanthauza kuti kachibala kanga kaja ngakhale ndikanathamanga nako tsiku lomwelo panalibe wokakonza, chomwe ndikanachita ndi kuyamba kusaka galasi lina nthawi ikadalipo, kusiya kulitsegulatsegula, ndi kusaliika padzuwa la Tete maola anayi kenako nkulithira mphepo yozizira pansi. Komanso tisanamizire miyala yokha, galasi la tempered nthawi zina limaphulika lokha chifukwa cha kanjere ka nickel sulfide kotsalira mkati popanga, kamakula pang'onopang'ono ndi kutentha, kapena chifukwa linakandika poliika, mu 2012 Hyundai inachita kuitanitsanso ma Veloster ena omwe inagulitsa ku America kuti akakonzedwe pa nkhani ya magalasi a padenga omwewa. Koma langa ine ndikudziwa, unali mwala ndi kuuma mutu kwanga.

Tsopano malangizo a anthu, eish. Munthu ukakhala ndi bowo padenga aliyense amasanduka injiniya. Alamu anga omwe anagwada pa mlatho aja ndi amene anali patsogolo, "alamu, tiyeni kwa owotcherera aike lata, apake penti, ndani adzakwere pamwamba kukaona?" Wina akuti perspex, wina akuti galasi lakumbuyo la minibasi timate ndi silikoni. Ndipo ndikuuzeni zoona, za lata ndinaziganizira usiku wathunthu, si nzeru yopusa ayi, galimoto ikakhala yakale yongonyamulira feteleza kumunda ine ndingakuuzeni kuti wotchererani mupume. Ndaonapo ma Ractis angapo mtauni atatero, paja la Ractis ndi galasi limodzi lalikulu losatseguka lomatidwa ku bodi. Koma kuwotcherera padenga ndiye kuti moto uli pafupi ndi siling'i, mawaya ndi ma airbag a m'mbali aja amagona m'mphepete mwa denga, lata yopyapyala ya denga imapindika ndi kutentha, pakatha mvula ziwiri dzimbiri layamba pamzere wowotchererawo, ndipo tsiku logulitsa galimoto wogula akangosuzumira pamwamba mtengo wagwa pakati. Perspex nayo padzuwa lathu lino imafufuma ndi kubwerera tsiku ndi tsiku mpaka guluu kulekana nayo, imachita chikasu, imakandika ndi fumbi lokha. Ndinakana zonse, alamu anakwiya masiku awiri.

Za segulo, inshuwalansi ija, musandifunse, yanga ndi yokakamiza ija yolipira galimoto ya mnzako ukaigunda, galasi lako lomwe siiliwerengera. Ndinangoimba foni kuti mtima ukhale pansi, anandiyankha mwaulemu zomwe ndinkadziwa kale.

Podikira ndinayamba ndi katoni ndi pulasitiki wakuda nkuzunguliza tepi yabulauni ija ya makatoni. Musachite. Masiku atatu padzuwa tepi inasungunuka, pulasitiki anauluka cha ku Zóbuè, guluu wake nkutsala pa penti ndinachita kuchotsa ndi palafini Lamulungu lonse. Kenako ndi pomwe ndinadula lona wakale wa pa mbatata nkumangirira ndi zingwe zodutsa m'zitseko, uja munkandiseka nayeyu. Ukadutsa 60 amawomba ngati ng'oma ya gule, mkati simumvana, ndipo chingwe chodutsa pa labala wa chitseko chimalowetsa madzi dontho limodzilimodzi paphewa pako penipeni. Mvula yoyamba ya November inandipeza choncho pakati pa Ulongwe ndi Calómue, mayi a kunyumba atafungatira beseni pamiyendo, osayankhula kanthu, ndipo kusayankhula kwawoko kunandipweteka kuposa akanangonena kuti ndinakuuzani.

Kusaka galasi ndiye inali ntchito. Ma sukata a ku Tete, komwe amagulitsa zipangizo za galimoto zophwanyika, ndinazungulira onse, zitseko zilipo, magiya alipo, denga palibe, ndipo mnyamata wina anandiuza chifukwa chomveka, galimoto zambiri zofika pa sukata zinagubuduka ndiye choyamba kufa ndi denga lomwelo. Ndinaoloka pa Dedza kukafunsa ku Lilongwe, ndinatuma munthu ku Ndirande ku Blantyre, ndinaimba ku Beira ndi ku Maputo. Chomwe ndinaphunzira ndi choti osangonena kuti "ndikufuna galasi la X-Trail", aliyense amayankha kuti lilipo bwana tumizani ndalama. Wina ananditumizira chithunzi mokondwa, kuyang'anitsitsa ndi la T31, mtundu wakale uja unayamba 2007, losiyana kutalitali ndi langa. Wina anali ndi lakumbuyo losasuntha lija pomwe ine ndikufuna lakutsogolo. Komanso galimoto zochokera ku Japan nambala yake ya chasisi ndi yaifupi, yanga imayamba ndi NT32 kenako manambala, si ya zilembo 17 ngati za ku Joni, ndiye ogulitsa ena akailowetsa mu kompyuta imakana nkumakuuza kuti galimoto yanu kulibe. Muziwauza mtundu ndi chaka, muwatumizire chithunzi cha kachidindo ka pa galasi lotsalalo, muyeze bowo ndi tepi mulitali ndi mulifupi, iwonso ayeze lawo akujambula. Muwauze ajambule m'mbali zonse zinayi pafupi, chifukwa galasi la pa sukata lokhala ndi kachibala m'mphepete ndi bomba lomwe lija ndinali nalo ine, ajambulenso kunsi komwe kuli zitsulo zomangira, paja galasi lotsegukali limabwera ndi felemu yake yachitsulo yomatidwa kale komanso labala wozungulira, zimenezo sizisamutsidwa kuchoka pa lakale. Ndipo ndalama yonse pa M-Pesa kapena e-Mola kwa munthu amene simunamuonepo, ayi, pezani wachibale akaligwire ndi manja.

Langa linapezeka ku Johannesburg, mng'ono wa mayi a kunyumba amagwira ntchito kumeneko ndiye anapita yekha pa sukata ndi tepi yoyezera, galimoto yake inagundidwa kutsogolo denga lili bwinobwino. Kubwera nalo ndi nkhani ina. Galasi silinyamulidwa chogona, likagona pakati pamalendewera ndipo bampu iliyonse imalipinda, liyenera kuima chilili ngati mmene amanyamulira a mawindo, m'makona mutakulungidwa bwino. Mlamu wangayo analikulunga mabulangete awiri ndi makatoni nkukhomera kabokosi ka matabwa, dalaivala wina wa lole za ku Malawi zodutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda nkulowa kwathu pa Cuchamano anavomera kuliika mu kabini kuseri kwa mpando pomwe amagona. Za alifandega, msonkho wa pa boda uja, tinalipira ndi lisiti lake, ndinakalilandira ku Tete cha kufupi ndi mlatho wa Kassuende komwe malole akuluakulu amadutsira chitsegulireni mu 2014. Ndinamasula bokosi pomwepo dalaivala akuona, kuyendetsa chala m'mbali monse, mtima uli m'mwamba. Linali lamoyo.

A mesitiri omwe anagwira ntchitoyi ndinawapeza kudzera kwa mdala wa magalasi uja, ofisina yawo ndi ya kashedi chabe koma munthu wodekha zedi. Ine ndinkaganiza kuti ndi ya ola limodzi, kumasula mabawuti, kuika, kumanga, ndipo kunena zoona ndikanapanda kudina batani tsiku lija zikanakhala pafupifupi choncho, chifukwa galasi lotsegukali silimatidwa ndi guluu, limagwidwa ndi timabawuti tochepa ta mutu wa nyenyezi tija ta Torx m'mbali zonse ziwiri, ukachotsa timapulasitiki tobisa umationa. Koma iwo atangoyendetsa chala m'kanjanji nkumva mchenga wa galasi anapukusa mutu, "patarau, galasi lanu liyambe lakhala uko, lero tikusesa." Anachotsa waya wa batire nkudikira kanthawi chifukwa cha ma airbag aja, anamasula zogwirira za m'mwamba, zotchingira dzuwa, magetsi a mkati, mapulasitiki a m'mizati, nkutsitsa siling'i yonse. Anyamata awo anawavalitsa majumbo oyera m'manja kuti asadetse nsalu, kanthu kakang'ono koma kanandiuza kuti ndafika pamalo oyenera, paja siling'i ikadetsedwa ndi girisi sichoka ndipo ikathyoka pakati mzere wake sutha.

Mkatimo ndi momwe ndinaona mmene chinthuchi chimayendera. Mota ndi yaing'ono, ili ndi kagiya kamodzi komwe kamakankha makebulo awiri okhala ngati sipuling'i, ina kumanja ina kumanzere, makebulowo ndi amene amakoka timiyendo tonyamula galasi m'tinjanji. Mbali imodzi ikakakamira pa kachidutswa pomwe mota ikukankhabe, kebulo imalumpha mano, ndiye mbali ziwirizo sizikhalanso pamzere umodzi, ukaikapo galasi latsopano choncho limayenda chopingasa, kukakamira, mwinanso kusweka kachiwiri chifukwa likupotokola. Krrrr yanga ija inali imeneyo. Ku kansalu kebulo inalumpha ndipo kapulasitiki kena kotsetsereka kanathyoka, tinachita mwayi kukapeza pa denga lina lophwanyika pa sukata. Tsiku lonse linatha ndi makina opopa fumbi, mswachi wakale ndi tinsanza, kupukuta girisi yense wakale chifukwa anali atasanduka sandipepa, ndipo sindinaonepo magalasi ochuluka choncho, umati watha ukagogoda felemu ena mbwee. Pomaliza anapaka girisi woyera wopepuka pang'ono chabe, anandichenjeza kuti wakuda wa ma bering'i uja osayerekeza, ndi fumbi la malasha la ku Moatize amasanduka phala louma mwezi umodzi.

Tsiku lachiwiri ndiye kuika. Anayamba aonetsetsa kuti timiyendo ta mbali zonse tili pamalo amodzi potseka, anthu awiri nkutsitsa galasi kuchokera pamwamba pang'onopang'ono, mabawuti kungowagwiritsa osalimbitsa. Kenako kulinganiza, apa ndi pomwe ndinaona kuti kuona maso a nkhono nkudekha, chifukwa anatha pafupifupi ola akungokweza kona iyi kutsitsa iyo, akugoneka lula pakati pa galasi ndi denga. Lamulo lake akuti kutsogolo galasi likhale lofanana ndi denga kapena kutsikirako pang'ono ngati milimita imodzi, kumbuyo lofanana kapena kukwererako pang'ono chomwecho, kuti mphepo izidutsa pamwamba osakodwa. Kutsogolo kukatukuka mumva likhweru kuchoka Tete mpaka Ulongwe. Atamanga anatenga kapepala nkukapanitsa pakati pa labala ndi denga malo osiyanasiyana, kukakoka, pomwe kakutuluka mosavuta ndiye kuti sipanagwire, kumasulanso. Mabawutiwo salimbitsa ngati a tayala, ndi ang'ono ndipo ali pa chitsulo chomatidwa ku galasi.

Atabwezera batire denga linkachita zamisala, ukadina likuyenda pang'ono nkuima, ine mtima unagwa kuti mota yapsa. Iwo anangoseka, akuti yaiwala poyambira ndi pothera, iyenera kuphunzitsidwanso, anakanikiza batani osasiya mpaka galasi linatukuka, kubwerera, kuyenda ulendo wonse lokha nkudzatseka, kuyambira pamenepo kudina kamodzi kukugwira. Kachitidwe kake kamasiyana galimoto ndi galimoto ndiye onani m'buku lanu, ngakhale ambirife mabuku athu ndi a Chijapani kkkk. Anayesanso ndi botolo la pulasitiki lopanda kanthu pakamwa pa denga likutseka, litaligunda linabwerera lokha, chimenecho ndi choteteza dzanja kapena khosi la mwana ndipo musachoke pa ofisina musanachione chikugwira.

A ma Ractis ndi ena a denga lomata, yanu ndi ntchito ina, ndinaionera pomwepo pa galimoto ya munthu wina. Lakale amalidula ndi kawaya kodutsa mu guluu, amapala guluu wakale kusiya wopyapyala, pomwe penti yakandika amapaka primer, nkuika polyurethane yemwe amamatira magalasi akutsogolo, kenako galimoto igone osayenda mpaka aume, mawindo ali otsitsa pang'ono kuti pomenyetsa chitseko mphepo isalikankhe. Wina akatulutsa silikoni wa m'bafa wonunkha ngati viniga uja nyamukani muzipita, asidi wake amadya chitsulo ndipo alibe mphamvu yogwira galasi lolemera choncho galimoto ikagubuduka.

Ndinabwerera kumudzi ngati mfumu, lona ndinapatsa alamu. Ndiye mu December kunagwa chimvula chija cha usiku wonse, m'mawa kutsegula chitseko cha kumanzere kapeti ili chonyowa, kuponda phwa phwa, mzati wa pafupi ndi galasi lakutsogolo uli ndi mzere wa madzi. Ndinaimbira a mesitiri nditakwiya, mawu ena ndinayankhula sindingawalembe pano, iwo anandisiya ndimalize kenako nkufunsa mofatsa kuti "patarau, kodi tsiku lija madzi tinathira?" Ndinakhala chete. Sitinathire, kunkada ndipo amene ankafulumiza ndinali ine, ndinkafuna kudutsa Moatize kusanade kwenikweni. Ndi pomwe anandifotokozera chinthu chomwe eni ma sunroof ambiri sitidziwa, labala wa denga lotseguka sanapangidwe kuti atseke madzi onse, ena amalowa ndithu, koma pansi pake pali ngati kathireyi kozungulira ndipo m'makona onse anayi muli timabowo ta mapaipi, awiri amatsika m'mizati yakutsogolo kukatulutsa cha kuseri kwa matayala akutsogolo, awiri kumbuyo. Paipi ikatsekeka kathireyi kamadzadza nkusefukira mu siling'i. Ndiye mukaona madzi musathamangire kunamizira galasi kapena kupaka silikoni kuzungulira, mungoliphera kutseguka pachabe madzi akulowabe.

Anandilangiza pa foni ndipo ndinakonza ndekha pakhomo. Kutsegula denga, kupeza kabowo ka pakona yakumanzere, kulowetsa chingwe cha nayiloni chokhuthala pang'onopang'ono ndikuchipotokola, osati waya wachitsulo chifukwa umaboola paipi, osatinso kompuresa ya matayala chifukwa mphepo yamphamvu imavula paipi pomwe inalumikizidwa mkati ndiye mutsitsanso siling'i. Chingwe chinakakamira cha pakati, ndinabweza, kulowetsanso, kuthira madzi ofunda pang'ono ndi botolo, kachitatu ndinangomva kulu kulu kulu, mwana wanga wamng'ono yemwe ndinamuika kuti aziyang'ana pansi anakuwa "ababa ikukodza!" Kunatuluka matope akuda bii osakanikirana ndi timagalasi tonyezimira. Ndinayesa makona enawo, atatu onse amatulutsa. Kapeti ndinaitukula masiku atatu padzuwa chifukwa pansi pake pamadutsa mawaya ndipo siponji yake imasunga madzi ngakhale pamwamba pauma, a mesitiri ndinawaimbiranso kupepesa, ulendo wotsatira ndinawatengera thumba la mbatata.

Zonse pamodzi, galasi, bokosi, dalaivala, alifandega, a mesitiri ndi mafuta oyendera uku ndi uku, ndalama yake ndikanagula matayala anayi atsopano nkutsala chenji, ndipo mayi a kunyumba amaidziwa mpaka metikali yomaliza. Pano lole ya miyala ndimaisiyira mtunda wautali ngakhale wakumbuyo aimbe hutala bwanji, ku Tete ndimalipira mnyamata andisungire pamthunzi koma osati pansi pa mango, ndikalowa ndimayamba ndatsitsa mawindo kutentha kutuluke ndisanayatse AC, ndipo mvula isanayambe ndimathira botolo la madzi pakona iliyonse. Timagalasi takale tikutulukabe, sabata yatha kena kanandibaya chala ndikufuna ndalama yachitsulo pansi pa mpando.

Dzulo alamu anga omwe aja, a lata aja, abwera kudzabwereka galimoto, mwana wa achemwali awo akukwatiwa Loweruka ku Domwe ndipo akuti akufuna akwati adzatulukire padenga akubayibitsa anthu kuchoka ku tchalitchi mpaka kumudzi, msewu wafumbi wa mabampu uja, atatsamira pa galasi langa. Ndawauza kuti palibe vuto alamu, galimoto mudzatenge Lachisanu madzulo, mafuta mudzathire nokha. Fyuzi ya denga ndazula kale, ili m'thumba la jekete yanga.